Foni ya dokotala iyambire kusukulu zakutali ndi phula

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mawu anga pa nkhani imene masiku ano ikukambidwa kawirikawiri muno mu Lusaka, yoti wodwala angathe kuonedwa ndi dokotala amene ali kutali kudzera pa foni kapena pa kompyuta, zimene azachipatala amazitcha telemedicine. Ine si wachipatala. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo pa zaka 31 zimene ndinagwira choko, zambiri ndinathera m'sukulu zam'midzi m'boma la Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene mvula ikagwa masiku atatu otsatizana mitsinje imadzaza ndipo mudzi umasanduka chilumba. Tsopano ndimakhala ku Chilenje kwa mwana wanga, kumene mdzukulu akatentha thupi usiku timafika naye kuchipatala tisanathe n'komwe kudandaula, ndipo mwina n'chifukwa chake mtima wanga sukhazikika ndikakumbukira ana amene ndinawasiya kumudzi. Pempho langa ndi lakuti ngati dziko lathu likufuna kuyesa njira imeneyi mozama, liiike m'sukulu, ndipo liyambire m'sukulu zakutali ndi msewu wa phula, kumene kusowa kwa dokotala kumapweteka kwambiri.

Pali mnyamata wina amene sindimuiwala, ngakhale dzina lake sinditchula. Anali mu Giredi 4, ankakhala kumbuyo kufupi ndi zenera, ndipo ndikamufunsa funso ankangondiyang'ana pakamwa osayankha. Ndinamuyesa wamwano. Kangapo konse ndinamupatsa chilango chotchetcha udzu kuseri kwa ofesi, ndipo anzake anamupatsa dzina lachipongwe limene linamukakamira. Tsiku lina ndikuchonga mabuku ndinawerama pa desiki yake, ndipo ndinamva fungo limene linandibweza m'mbuyo. M'khutu lake lamanzere munali kansanza kopinda, konyowa ndi mafinya achikasu, ndipo kolala ya yunifolomu inali itauma gwa mbali imeneyo. Nditamutengera panja n'kumufunsa mokweza mawu, anandiuza kuti khutulo linayamba kutuluka mafinya mvula isanagwe, linalo linali litayambanso kupweteka, ndipo agogo ake, amene ankamulera, ankamuthiramo madzi a masamba usiku uliwonse. Kiliniki inali pamtunda wa makilomita 18. Agogowo analibe njinga, ng'ombe za ngolo zinali pa ntchito kumunda, ndipo mtsinje unali wodzaza, choncho mwanayo anakaonedwa ndi namwino titakolola kale chimanga. Pofika nthawiyo kachikopa kam'kati mwa khutu kanali katabooka mbali zonse ziwiri, ndipo mwana uja anasiya sukulu ali mu Giredi 6 chifukwa zam'kalasi sankazimva.

Patapita zaka namwino wina anandifotokozera kuti matenda amenewa akapezeka msanga amachizika ndi zinthu zosavuta, monga kupukuta khutu mwaukhondo kangapo pa tsiku, kudonthezeramo mankhwala oyenera, ndi kuletsa mwana kusambira kudambo kufikira khutu litauma. Ndinamulakwira mwana uja, ndipo kulakwako ndidzafa nako. Komabe ndikamaganizira bwino, ndimaona kuti ngakhale ndikanazindikira sabata yoyamba, ndinalibe wondiuza kuti chimene ndikuonacho n'chiyani ndipo ndichite chiyani. Pasukulu panali aphunzitsi anayi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzirapo za matenda a khutu.

Anthu ambiri a m'tauni sazindikira kuti mwana wakumudzi amasowa m'maso mwa azachipatala akangokwanitsa zaka zisanu. Asanafike msinkhu umenewo amakhala ndi khadi la kusikelo, amalandira katemera, ndipo pa sabata ya thanzi la ana, imene imachitika kawiri pa chaka, amamwetsedwa vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Khadilo likatha ntchito, mwana amaonekeranso kukiliniki pokhapokha atadwala mwakayakaya, kapena mtsikana atatenga pakati. Pa zaka zonse zapakatizi, munthu wamkulu wakunja kwa banja amene amamuona mwanayo m'mawa uliwonse ndi mphunzitsi. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu pafupifupi 19.6 miliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala kumidzi. Chaka chomwecho boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linayambitsa maphunziro aulere, ndipo ana amene ankakhala pakhomo chifukwa chosowa ndalama anadzaza makalasi. Sukulu n'zochuluka kuposa makiliniki, ndipo azaumoyo amadziwa kale phindu lake, pakuti ndi kusukulu kumene amabwera ndi ndodo yoyezera msinkhu kudzagawa praziquantel wa likodzo, ndipo kuyambira mu 2019 atsikana amalandirira komweko katemera wa HPV wowateteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Koma maulendo amenewa amakhala a apo ndi apo, pamene matenda sadikira tsiku limene galimoto ya kuboma idzabwere.

Matenda ambiri amene amavutitsa ana a sukulu ndi ooneka ndi maso, ndipo apa ndi pamene foni yokhala ndi kamera ingagwire ntchito yaikulu. Zipere zam'mutu, mphere, zilonda zam'miyendo zosapola, maso ofiira otuluka manthongo, khutu lotuluka mafinya, zikhatho zoyera zosonyeza kuchepa kwa magazi, zonsezi wachipatala wodziwa ntchito angazione pa chithunzi chabwino n'kunena chochita, kapena kunena kuti mwanayo abwere adzamuone pamaso. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi zilonda zapakhosi, chifukwa makolo ndi aphunzitsi timaziona ngati chimfine wamba. Zina mwa zilondazi zimayamba ndi kachilombo kotchedwa streptococcus, ndipo zikapanda kuchizidwa ndi penicillin, thupi la mwana lingayambe kudzimenya lokha, mfundo n'kutupa, mtima n'kuwonongeka pang'onopang'ono. Ana a zaka zapakati pa 5 ndi 15 ndiwo amagwidwa kwambiri. Mwana wotere amadzaoneka patapita zaka akupuma movutikira, miyendo itatupa, ndipo banja limagulitsa mbuzi ndi ng'ombe kuti limutengere ku UTH, chipatala chachikulu cha muno mu Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata, pa matenda amene mankhwala otchipa akanawatsekereza pachiyambi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa matenda a mwana mawuwa ndi oona kwenikweni.

Kuti foni ingathandize, ine ndinadzionera ndekha chaka chatha. Mwana wa mchemwali wanga kumudzi anaona kuti kamtsikana kake ka zaka zisanu ndi zinayi katuluka zotupa zoyabwa pakati pa zala ndi m'chiuno, ndipo anthu ena anali atayamba kale kunena zoti kalodzedwa. Kumudziko netiweki imapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha kuseri kwa tchalitchi, ndipo madzulo umapeza anthu atatu kapena anayi ataima pamenepo, mafoni atakweza m'mwamba. Anakwera pachulupo, anatumiza zithunzi zitatu pa WhatsApp zimene zinatenga theka la ola kuti zifike, ndipo ine ndinakazionetsa kwa mnansi wanga amene ndi namwino. Anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi mphere, anatchula mankhwala opaka oti akapemphe kukiliniki, ndipo anatsindika kuti onse a m'nyumbamo apake, zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Patatha masabata awiri mwanayo anali bwino. Koma taonani kuti zonsezi zinatheka chifukwa mwanayo ali ndi wachibale ku Lusaka amene ali ndi mnansi namwino. Anzake a m'kalasi amene mwina anali ndi mphere zomwezo alibe mwayi umenewo, ndipo chimene ndikupempha n'chakuti mwayi wangoziwu usanduke dongosolo la mwana aliyense.

Zimenezi si maloto, chifukwa zidutswa zake zilipo kale. Mumzinda wa Rochester ku America, kuyambira mu 2001, ana ankapimidwa ali kumalo awo ophunzirira, wothandizira wophunzitsidwa akulowetsa kachipangizo ka kamera m'khutu ndi kuika chomvetsera mtima pachifuwa, dokotala akuona ndi kumva ali kuchipatala. Kuno kwathu bungwe la Virtual Doctors limapereka mafoni kwa ma clinical officer a m'makiliniki akumidzi, omwe ndi azachipatala oona odwala kumene kulibe dokotala, kuti akakumana ndi matenda ovuta alembe mbiri ya wodwala, ajambule zithunzi, atumize kwa madokotala odzipereka ndipo alandire malangizo. Bungwe la Healthy Learners, limene linayambira ntchito yake ku Ng'ombe muno mu Lusaka, limaphunzitsa aphunzitsi osankhidwa kuzindikira mwana wodwala, kumupatsa thandizo loyamba ndi kumutumiza kukiliniki. Kwa anansi athu ku Malawi, m'boma la Zomba, aphunzitsi anaphunzitsidwapo kuyeza malungo ndi kachipangizo kobaya chala ndi kupereka mankhwala pasukulu pomwepo. Chotsala ndi kulumikiza zidutswazi ndi kuzifikitsa kumene msewu umathera.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo ndingakhale wosaona mtima ndikapanda kutchula matope ake. Foni simeza mwana mankhwala, simubaya jekeseni, ndiponso simunyamula kumuwolotsa mtsinje. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2019 okhudza njira zamakono zoterezi, linanena momveka kuti kuonana ndi wodwala pa foni kuzithandizira chithandizo cha pamaso ndi pamaso, osati kuchilowa m'malo. Dokotala akanena pa foni kuti mwanayu ali ndi malungo, pasukulupo payenera kukhala poti n'kupeza mankhwala a malungo a Coartem tsiku lomwelo, apo ayi tangomupatsa mwanayo dzina la matenda ake n'kumubweza kunyumba mmene anabwerera. Dokotala akanena kuti mwanayu athamangire naye kuchipatala, payenera kukhala njinga yamoto yokhala ndi mafuta, kapena njinga ya ambulansi monga zimene zagwiritsidwapo ntchito m'midzi ya ku Serenje, ndi munthu wodziwika amene udindo wake ndi kuyendetsa. Ndimaopa kwambiri kuti tingagule matabuleti okongola, tingajambulitse pa tsiku lowapereka, koma kabati ya mankhwala n'kukhala yopanda kanthu. Zikatero makolo adzayesa kawiri kapena katatu, kenako adzabwerera ku madzi a masamba, ndipo kuwakopanso kachiwiri kudzakhala kovuta kuposa poyamba.

Funso lina limene silifunsidwa mokwanira ndi lakuti kodi foniyo aziyankha ndani. Ambiri akamva za telemedicine amaganiza za katswiri wovala koti yoyera ku Lusaka, koma kwa ine woyamba kuyankha ayenera kukhala namwino kapena clinical officer wa kiliniki yapafupi ndi sukuluyo. Iyeyo amalankhula chinenero cha mwanayo, amadziwa dambo limene ana amatengako likodzo, amadziwa mankhwala amene ali m'sitolo yake, ndipo ndi yemweyo amene adzamulandire mwanayo akatumizidwa. Zikamukanika, ndiye akwere nazo kwa dokotala wa chipatala cha boma, kenako kuchipatala cha Chipata Central kapena cha St Francis ku Katete, ndipo UTH ikhale yomalizira. Koma namwino wakumudzi nthawi zambiri amakhala yekha, mzere wa odwala utafika pansi pa mtengo wa mango, mayi wina ali m'chipinda chochirira, choncho kumuwonjezera foni yolira nthawi iliyonse ndi kumuthyola msana. Pakhale ola lodziwika, tinene m'mawa uliwonse ana akangotha asembule, limene iye amaona nkhani zochokera kusukulu za m'dera lake, ndipo olalo liwerengedwe ngati ntchito yake. Boma linachita bwino kulemba ntchito azaumoyo oposa 11,000 ndi aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, ndipo polemba ena m'tsogolomu, ntchito imeneyi iganiziridwe powagawa.

Za mphunzitsi ndinene monga mwini wake. Mphunzitsi wa ana 80 kapena kuposa m'kalasi imodzi sangasanduke dokotala, ndipo asayesedwe n'komwe kutero. Chimene angaphunzire bwino ndi kuyeza kutentha kwa thupi, kuwerenga kapumidwe ka mwana, kujambula chithunzi chooneka bwino, kulemba zimene mwana ndi kholo anena, ndiponso, choposa zonse, kudziwa zizindikiro zimene sizifuna foni konse. Mwana wokomoka kapena wogwidwa ndi linjirinjiri, wouma khosi, wolephera kumwa, wopuma mobanika, kapena wolumidwa ndi njoka, ameneyo sadikira netiweki, amanyamulidwa nthawi yomweyo ndipo foni imangoimbidwa kuti akukiliniki akonzekere. Kumene kuli wothandizira zaumoyo wam'mudzi wophunzitsidwa ndi boma, ndi bwino kuti iyeyo ndiye azigwira zobaya chala ndi zopereka mankhwala, mphunzitsi akhale maso ndi makutu. Asankhidwe aphunzitsi awiri pasukulu, wamkazi ndi wamwamuna, chifukwa mtsikana wa Giredi 7 amene ali ndi vuto la kumwezi sangaulule kwa abambo, ndiponso chifukwa mphunzitsi mmodzi akasamutsidwa ntchito isafere pomwepo. Ndipo apatsidwe kangachepe, pakuti ntchito yongodalira kudzipereka ndinaiona ikuyamba ndi moto mu Januwale n'kuzima mu Juni.

Za magetsi ndi netiweki tisadzinamize. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi, ngakhale ife a mu Lusaka tinkakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi, ndiye dongosolo lodalira mawaya silingapirire kumudzi. Sola yaing'ono ndi batire zikwanira kutchaja tabuleti ndi kuyatsa babu m'chipinda chimodzi. Dongosololo lipangidwe loti mphunzitsi alembe ndi kujambula ngakhale netiweki palibe, uthenga uzipita wokha ikabwera, chifukwa vidiyo yoonana pompopompo imafuna intaneti yamphamvu imene kuchulu kwathu kuja kulibe. Bungwe la ZICTA, loyang'anira za mafoni ndi intaneti, lakhala likuthandiza kumanga nsanja za mafoni m'madera akutali, ndipo kuyambira mu 2023 intaneti ya Starlink yochokera kumlengalenga ikupezeka m'dziko muno, choncho njira zilipo. Koma pakhale yankho lolembedwa la amene azilipira mabando mwezi ndi mwezi ndi amene azikonza chipangizo chikawonongeka. Ndinaphunzitsapo pasukulu ina pamene makompyuta opatsidwa mwaulere anakhala zaka atafunditsidwa nsalu m'chipinda chokhoma, chifukwa chingwe chimodzi chinapsa ndipo panalibe ndalama kapena munthu wochisintha.

Nkhani ya chinsinsi ndi chilolezo cha makolo njosafunika kuithamangira. Aliyense amene anakhalapo kumudzi akudziwa mmene mphekesera zoti magazi a ana akukagulitsidwa zimathamangira, ndipo ndinaonapo ana akulumpha pazenera tsiku la katemera chifukwa cha mawu a munthu mmodzi pachitsime. Mphunzitsi akayamba kujambula ana ndi kuwabaya chala popanda kufotokoza, mphekesera zoterozo zidzabuka sabata yomweyo. Nkhaniyi iyambire kwa mafumu ndi anyakwawa, ipite kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, imveke m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo kholo lione ndi maso ake chimene tabuletiyo imachita lisanavomere. Zithunzi za mwana zisasungidwe mu foni ya mphunzitsi, mmene mwana wake kapena mnzake angazione, koma m'chipangizo cha ntchito chokhala ndi loko, ndipo mbiriyo ilowe m'kaundula wa SmartCare amene zipatala zathu zimagwiritsa ntchito. Lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2021 lilipo, ndipo mwana wakumudzi limuteteze monga limatetezera bwana wa m'tauni. M'sukulu zathu muli ana amene amamwa ma ARV anzawo osadziwa, ndipo chinsinsi cha mmodzi chikangotuluka kudzera m'chipinda cha zaumoyo, mwanayo sadzabweranso kusukulu.

Ndalama zoyambira siziyenera kudikira alendo akunja. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo lamangitsa makalasi ndi kugula madesiki ambiri. Makomiti a m'mawadi angathe kupempha kuti pa sukulu zitatu kapena zinayi zakutali kwambiri m'dera lawo pamangidwe kachipinda ka zaumoyo kokhala ndi bedi limodzi, sola, kabati yokhoma ndi madzi osamba m'manja. Madziwo ndawatchula dala. Kolera ya 2024 inapha anthu mazanamazana, inasandutsa bwalo la masewera la Heroes kukhala chipatala, ndipo inachititsa kuti sukulu zisatsegulidwe mpaka mu Febuluwale. Palibe foni imene ingalowe m'malo mwa mjigo ndi chimbudzi chaukhondo, ngakhale kuti sukulu imene ingadziwitse kiliniki m'mawa womwewo kuti ana khumi atsekula m'mimba ingathandize kuti mliri ugwidwe usanafalikire.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi Unduna wa Zamaphunziro kuti akhale pansi limodzi, asankhe sukulu poyang'ana kutalika kwa mtunda wopita kukiliniki ndi mitsinje imene ili pakati, ayese kwa zaka ziwiri zathunthu kuphatikizapo nyengo ya dzinja, ndipo atiuze poyera kuti ndi ana angati anaonedwa, angati analandiradi mankhwala, ndi angati mwa otumizidwa kuchipatala anafikadi. Aphungu ndi makhansala a Chigawo cha Kum'mawa, amene ambiri a iwo anaphunzira m'sukulu zonga zimene ndikunenazi, ndikuwapempha kuti ayambe ndi iwo kufunsa.

Mwezi wa Ogasiti ndinapita kwathu kumaliro, ndipo pamsika ndinakumana ndi mnyamata uja, tsopano ndi bambo wa ndevu, akugulitsa tomato ndi anyezi. Anandizindikira, anavula chipewa, anandigwira dzanja ndi manja awiri, ndipo tinacheza iye akundiyang'ana pakamwa monga ankachitira mu Giredi 4. Anandiuza kuti mwana wake woyamba walembetsa Giredi 1 chaka chino pasukulu yomwe ija. Ndinafunsa za kiliniki, ndipo anati ikadali pomwe paja, kutsidya kwa mtsinje.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chilenje, Lusaka